Kulera Mtsogoleri Pantchito: Njira Zokonzekeretsera Wachinyamata Kusenza Udindo

Zomba ndi mzinda wa maofesi akale. Ngakhale likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, kuno kunatsala malo ambiri a ntchito okhala ndi mbiri yaitali, monga ofesi yosunga zolemba zakale za boma, ofesi yosindikiza zikalata za boma, likulu la bungwe la mayeso la MANEB, likulu la National Statistical Office, chipatala chachikulu ndi yunivesite ya ku Chirunga. M'malo oterewa, ngakhalenso m'masitolo, m'magalaja ndi m'nyumba zogona alendo za m'tauni, mumapezeka anthu amene akhala pampando umodzi zaka 20 kapena 30, ndipo zambiri za kayendetsedwe ka ntchito zili m'mitu mwawo, osati m'mafayilo. Wogwira ntchito m'boma amapuma akakwanitsa zaka 60, ndipo tsikulo limadziwika kalekale, koma likafika anthu amayang'anana ngati mwagwa zadzidzidzi, n'kuyamba kufunsana kuti makiyi atenga ndani.

Achinyamata oti n'kulowa m'malo alipo ochuluka. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali osakwana zaka 18, kutanthauza kuti ambiri mwa iwo ndi amene akugogoda pamakomo a ntchito lero. Vuto lili kwa ife akuluakulu. Ambiri timaganiza kuti tikulera mtsogoleri pamene kwenikweni tikungotuma mwana. Wotumidwa amanyamula mawu a wina, ndipo zinthu zikavuta amabwerera kudzafunsa. Wopatsidwa udindo amaweruza yekha, amasaina yekha, ndipo amayankha yekha. Munthu akhoza kutumidwa zaka 10 osaphunzira utsogoleri ngakhale pang'ono. Malangizo otsatirawa ndi a mkulu wa nthambi, mphunzitsi wamkulu, mwini bizinesi kapena kapitawo amene akufuna kuchotsa wachinyamata pa kutumidwa ndi kumufikitsa pa kusenza udindo.

Choyamba: lembani zimene mumadziwa inu nokha

Musanayang'ane wachinyamata aliyense, dziyang'aneni nokha. Tengani kope ndipo kwa mwezi wathunthu muzilemba nkhani iliyonse imene anthu abwera nayo kwa inu chifukwa palibe wina angaithe: kuvomereza kugula katundu, kugawa galimoto, kuyankha kalata yochokera kulikulu, kuyanjanitsa antchito awiri okangana, kukambirana ndi wogulitsa amene wachedwa kubweretsa katundu. Mwezi ukatha, gawani nkhanizo m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi zimene lamulo kapena malamulo a kampani amafuna kuti muchite inu nokha. Lachiwiri ndi zimene wina angachite ataphunzitsidwa. Lachitatu ndi zimene wina akanayamba kale kuchita koma mwangozikakamira chifukwa cha chizolowezi. Mukakhala woona mtima mudzapeza kuti gulu lachitatuli ndi lalikulu kuposa mmene mumaganizira, ndipo m'menemo ndi mmene mudzatenge ntchito yoyamba yopereka.

Chachiwiri: sankhani mosathamanga, ndipo musasankhe mmodzi yekha

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa diso limathamangira kwa wolankhula bwino pamsonkhano, wa Chingerezi chosalala, kapena amene amafulumira kulandira chikwama cha abwana m'mawa. Digiri ndi yabwino, ndipo ana ochokera ku Chirunga, ku Domasi kapena ku Nasawa amabwera ndi nzeru zimene ife sitinaphunzire, koma pepala limangosonyeza kuti munthu anakhoza mayeso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzipatseni miyezi itatu kapena inayi yongoonerera, osauza aliyense chimene mukufuna.

Onani mmene wachinyamatayo amalankhulira ndi mlonda, mesenjala ndi amayi okolopa pamene akuganiza kuti simukumuona, pakuti amene amanyoza wamng'ono lero adzakhala bwana wankhanza mawa. Onani chimene amachita akalakwitsa: kodi amabwera yekha kudzanena, kapena amadikira kuti mutulukire nokha, kenaka n'kuloza chala mnzake? Onani ngati amamaliza ntchito zosasangalatsa, monga kuwerengera katundu m'nyumba yosungira kapena kulongosola malisiti, pamene palibe alawansi kapena chiyamiko. Chizindikiro china chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi ichi: anzake akakakamira pa ntchito inu kulibe, amapita kwa yani? Munthu amene anzake amamufunsa mwa kufuna kwawo ndiye kuti utsogoleri wayamba kale kumera mwa iye, ngakhale atakhala wofatsa wosakonda kuyankhula pagulu.

Sankhani awiri kapena atatu. Mukasankha mmodzi yekha, ofesi yonse idzamutcha "mwana wa abwana," ndipo nsanje idzamutsekera makomo asanayambe n'komwe. Komanso tsiku limene adzapeze ntchito ku Blantyre kapena ku Lilongwe mudzabwerera pamene munayambira. Pewani kusankha chifukwa cha ubale, mpingo, mtundu kapena kwawo kwa munthu. Zomba ndi yaing'ono, anthu amadziwana kuchokera ku Matawale mpaka ku Sadzi, ndipo tsankho lotere silibisika. Ngati m'bale wanu alidi woyenera, pemphani mkulu wina kuti amuyese ndi kumulera, inu mutalikire.

Pagulu la osankhidwalo pakhale atsikana. Lamulo la Gender Equality Act la chaka cha 2013 limanena kuti polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse ndipo asapitirire 60, koma lamulolo silingathandize ngati pansi pano sitikukonzekeretsa akazi oti akapikisane pamipando yapamwamba. Chizolowezi choti pamsonkhano mtsikana ndiye wolemba maminitsi ndi woyang'anira tiyi, pamene mnyamata amene analowa naye ntchito tsiku limodzi akupatsidwa lipoti loti akafotokoze, chiyenera kutha, ndipo woyamba kuchithetsa ndi inu amene mumagawa ntchito.

Chachitatu: khalani naye pansi

Muitaneni aliyense payekha, mumuuze zimene mwaona mwa iye, ndipo mumufunse ngati ali wokonzeka kusenza zambiri. Ena adzakana, mwina chifukwa akuchita maphunziro a kumapeto kwa sabata kapena akudwazika kholo, ndipo kukana kotero si mlandu. Musalonjeze kukwezedwa pantchito. M'boma ndi m'makampani ambiri mpando umadzera m'mayeso a ntchito amene inu simuwalamulira, ndipo lonjezo losakwaniritsidwa limasandutsa wantchito wabwino kukhala wodandaula. Muuzeni zoona, kuti mukumukonzekeretsa kuti mwayi ukadzapezeka adzakhale ndi zoti akanene pamaso pa ofunsa mafunso. Ngati amene mukulera ndi mtsikana ndipo inu ndinu bambo, zokambirana zonse zizichitikira muofesi, nthawi ya ntchito, chitseko chili chotsegula, kuti mbiri yake ndi yanu zisadetsedwe.

Chachinayi: perekani ntchito yeniyeni yokhala ndi malire odziwika

Ntchito yoyamba ikhale yathunthu, yokhala ndi poyambira ndi pothera, yoti ikalephereka anthu aona koma bungwe silingagwe. Kumuuza kuti "muzindithandiza" si kupereka udindo. Tiyerekeze kuti mumayendetsa nyumba yogona alendo kufupi ndi msewu wokwera kuphiri. M'malo momutuma tsiku ndi tsiku kukagula zinthu kumsika, mupatseni udindo wonse wa zakudya kwa miyezi itatu: akonze bajeti ya mwezi, asankhe yekha kumene azigula mpunga, kaya kumsika waukulu kaya kwa alimi a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, agwirizane mitengo ndi ogulitsa ndiwo zamasamba, alembe ndandanda ya ophika, ndipo akonzekere sabata imene ku yunivesite kuli mwambo wopereka madigiri, pamene zipinda zimadzaza. Pasukulu, mphunzitsi wachinyamata akhoza kupatsidwa mayeso oyeserera a Fomu 4 kuyambira pa ndondomeko ya nthawi mpaka pa kutulutsa zotsatira. M'galaja, makaniko wachinyamata akhoza kuyang'anira magalimoto onse a kasitomala mmodzi wamkulu, kuphatikizapo kulemba mitengo ndi kuyankha madandaulo.

Mukapereka ntchitoyo, lembani papepala limodzi zinthu zitatu, ndipo aliyense asunge lake. Poyamba, zimene angaweruze yekha osakuuzani. Kenaka, zimene angaweruze yekha koma akuuzeni pambuyo pake. Pomaliza, zimene ayenera kukufunsani asanachite. Pa nkhani ya ndalama tchulani chiwerengero chenicheni, kuti kufika pa ndalama zakuti asaine yekha, kupitirira apo abwere kwa inu. Pepalali limaoneka ngati chinthu chaching'ono, koma ndi limene limateteza wachinyamata ku mantha ofunsa chilichonse, ndiponso limakutetezani inu ku chilakolako cholanda ntchito mukaona kuti akuchita mosiyana ndi mmene mukanachitira. Miyezi itatu iliyonse onaninso pepalalo, ndipo ngati zayenda bwino, sunthani nkhani zina kuchoka m'gulu lofunsa kupita m'gulu loweruza yekha.

Chovuta kwambiri pa sitepe iyi ndi kudziletsa kwanu. Wachinyamata adzafuna kusunga kaundula pakompyuta pamene inu munazolowera buku lalikulu lachikuto cholimba, kapena adzafuna kulipira ogulitsa kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba m'malo monyamula ndalama m'thumba. Funsani funso limodzi lokha: kodi njira yakeyo ikusiya umboni woti owerengera ndalama angautsatire? Ngati yankho lili inde, musiyeni.

Chachisanu: mulongeni pamaso pa akuluakulu

Mfumu salongedwa kuseri, ndipo udindo woperekedwa mobisa muofesi ya abwana suvomerezeka kunja kwa chitseko. Kwathu kuno msinkhu uli ndi ulemu wake, ndipo mnyamata wa zaka 28 akayamba kugawa ntchito kwa dalaivala wa zaka 55, amene anayamba ntchito iye asanabadwe, mkangano umakhala uli pafupi ngakhale onse awiri atakhala anthu abwino. Mabuku ambiri a utsogoleri ochokera kunja sanena zambiri pa nkhani imeneyi, koma kuno ndi imene imagwetsa achinyamata ambiri odziwa ntchito.

Yambani ndi kuonana ndi akuluakuluwo paokha, tsiku lolengeza lisanafike. Auzeni kuti, "Achikulire, mwanayu ndikufuna ayambe kuyang'anira zamagalimoto, koma sangathe popanda inu amene mukudziwa misewu ndi matenda a galimoto iliyonse. Ndikumupereka m'manja mwanu." Munthu wamkulu akauzidwa nkhani isanatuluke amamva kuti walemekezedwa, ndipo kawirikawiri amasanduka mtetezi wa wachinyamatayo, koma akaimvera pamsonkhano pamodzi ndi aliyense amamva kuti wachotsedwa ulemu. Pakati pawo pakhoza kukhala wina amene ankayembekezera udindowo. Ameneyo musamuzembe. Muuzeni chifukwa chake mosabisa, ndipo ngati pali mbali ina imene angatsogolere, monga kuphunzitsa olowa kumene, mupatseni.

Pambuyo pake lengezani pamsonkhano wa onse, ndipo mutchule ntchito yake, malire ake ndi tsiku loyambira. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense wobwera kwa inu ndi nkhani ya mbali imeneyo mubwezeni mwaulemu kuti, "Kaonaneni ndi amene ndinawapatsa udindowu." Anthu adzakuyesani sabata zoyambirira, makamaka amene munazolowerana nawo, ndipo adzabwera ndi mawu akuti, "Abwana, tangosainani inuyo, n'zachangu." Mukasaina kamodzi kokha, mwamuvula wachinyamata uja pamaso pa onse, ndipo kumuvekanso kudzatenga miyezi. Inunso musinthe kaitanidwe. Ngati munkamutchula dzina loyamba kapena kumuti "iwe," pamaso pa anthu yambani kunena kuti "a Uje" kapena "mayi Uje," ndi kumuti "inu," chifukwa antchito amatengera pakamwa pa bwana.

Wachinyamatayo nayenso aphunzitsidwe kalankhulidwe. Lamulo lomwelo likhoza kunenedwa kuti, "Mawa mupite ku Jali 6 koloko," kapena kuti, "Bambo, mawa tili ndi ulendo wa ku Jali, ndipo ndikupempha kuti tinyamuke 6 koloko; kodi msewu mukuuona bwanji ndi mvulayi?" Kachiwiriko sikachepetsa mphamvu yake, ndipo kamamupatsa nzeru za munthu amene wayenda msewuwo zaka zambiri. Ayambe ndi moni asanatchule ntchito, asadzudzule munthu wamkulu pamaso pa ana, ndipo akafuna kumuwongolera amuitanire pambali. Koma mumuchenjezenso za mbali inayo, kuti ulemu usasanduke mantha. Wamkulu akachedwa kuntchito masiku atatu otsatizana, ayenera kuuzidwa, mwaulemu koma momveka, chifukwa achinyamata anzake akuona ngati lamulo limagwira onse mofanana.

Pali nkhani ina imene sitiilemba m'malipoti koma imanong'onedwa m'makonde, yoti wokwezedwa ali wamng'ono amalodzedwa. Ndaonapo wachinyamata waluso akukana udindo chifukwa cha mantha amenewa, makolo ake atamulangiza kuti asadzionetse. Musamuseke. Kambani naye modekha, ndipo dziwani kuti mankhwala a mantha otere ndi kuchita zinthu poyera: anthu akadziwa chifukwa chimene wasankhidwira, ndipo akuluakulu akaoneka kuti ali naye, manong'onong'o amachepa okha.

Chachisanu ndi chimodzi: muzikumana sabata iliyonse, ndipo mumupezere phungu

Patulani mphindi 30 pa tsiku lokhazikika, mwachitsanzo Lachisanu masana, ndipo musalole kuti nthawi imeneyi izidyedwa ndi zina. Pokumanapo iye ndiye azilankhula kwambiri. Mufunseni chimene chayenda bwino, chimene chamuvuta, ndi chimene akuganiza kuchita. Akabwera ndi vuto n'kufunsa kuti, "Ndichite bwanji, abwana?" musafulumire kuyankha, ngakhale yankho lili pamlomo, mubwezereni funso kuti, "Inu mukuona njira zingati, ndipo mungasankhe iti?" Poyamba adzaona ngati mukumuzunza, koma pakapita miyezi iwiri adzayamba kubwera ndi vuto pamodzi ndi maganizo ake.

Pachinamwali pamakhala namkungwi wolangiza gulu lonse, komanso namwali aliyense amakhala ndi phungu wake amene amamuyang'anira pafupi ndi kumva zakukhosi kwake. Pantchito n'chimodzimodzi. Inu ndinu bwana, mumalemba lipoti la kagwiridwe kake ka ntchito, choncho pali zina zimene sangakuuzeni, monga kuti akuopa kulephera kapena kuti inuyo ndi amene mukumupanikiza. Mupezereni munthu wina wodziwa zambiri wochokera ku nthambi ina, kapena wopuma pantchito, ndipo oterowo mu Zomba ndi ambiri. Zimene akambirana awiriwo musazifufuze.

Chachisanu ndi chiwiri: mupatseni mpando pamsonkhano

Utsogoleri wambiri wa muofesi umachitikira pamsonkhano. Ayambe ndi kufotokoza lipoti la mbali yake kwa mphindi zisanu, kenaka atsogolere mfundo imodzi, ndipo pomaliza akhale wapampando wa msonkhano wonse inu mutakhala pambali ngati membala wamba. Muphunzitseni kutumiza mitu ya zokambirana tsiku lisanafike, kuyamba pa nthawi yake, kudula mwaulemu wolankhula mosalekeza, kufunsa maganizo a ofatsa, ndi kutseka mfundo iliyonse potchula amene achite, chimene achite ndi tsiku lomalizira. Anthu akamayankha akuyang'ana inu m'malo moyang'ana wapampando, werameni muzilemba m'kope mwanu mpaka maso awo abwerere kwa iye. Mukaitanidwa kumsonkhano wa kukhonsolo kapena kulikulu, mutengeni kuti akaone mmene akuluakulu amatsutsirana popanda kunyozana.

Chachisanu ndi chitatu: ndalama ndi malamulo a ntchito

Atsogoleri achinyamata ambiri sagwa chifukwa chosadziwa ntchito, amagwa pa ndalama. Akangopatsidwa mphamvu yosaina, abwenzi amachuluka: wogulitsa amabwera ndi "kangachepe ka fanta," mnzake amapempha kuti dzina lake lilowe pa mndandanda wa alawansi ya ulendo umene sanapite, ndipo kumudzi amamva kuti mwana wawo tsopano ndi bwana. Kambani naye zimenezi zisanachitike, ndipo mutchule zitsanzo zenizeni. Muonetseni mmene bajeti imapangidwira, chifukwa chimene timafunira mitengo ya ogulitsa angapo tisanagule, ndi chifukwa chimene wopempha katundu, wovomereza ndi wolipira sayenera kukhala munthu mmodzi. Adziwe kuti siginecha yake ndi imene owerengera ndalama kapena a bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB adzaifunse, ngakhale wolamula pakamwa atakhala wina. Ndipo kumbukirani kuti akuphunzira kwambiri poona zimene inu mumachita ndi mafuta a galimoto ya ofesi kuposa pomva zimene mumanena.

Aphunzirenso mfundo zikuluzikulu za lamulo la Employment Act la chaka cha 2000, chifukwa bwana watsopano amakonda kuonetsa mphamvu poopseza kuti achotsa munthu ntchito. Lamuloli limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka chochotsera munthu, ndiponso kuti munthuyo apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito. Limanena kuti maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata kupatula owonjezera olipiridwa, kuti wogwira masiku asanu pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku osachepera 15 pa chaka ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi ali ndi masiku 18, komanso kuti mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha sabata zosachepera zisanu ndi zitatu. Olemba ntchito ambiri amaluza milandu ku leba kapena ku Industrial Relations Court chifukwa cholumpha ndondomeko, ngakhale wantchito atakhala kuti analakwadi. Mulowetseni wachinyamatayo pa bwalo lomva mlandu wa wantchito ngati woonerera, ndipo alembe yekha kalata yochenjeza imodzi inu muione isanaperekedwe.

Pali zinanso zosalembedwa m'lamulo zimene mtsogoleri wa kuno ayenera kuzidziwa, makamaka za maliro ndi matenda. Wantchito akaferedwa, anthu amayang'ana ngati bwana wafika pasiwa, ngati chipepeso chasonkhedwa, ndi ngati ntchito yagawidwa kuti ena akaperekeze popanda kutseka ofesi. Mutumeni kuti akayankhule m'malo mwa ofesi pamaliro amodzi, mutamuuza kalankhulidwe kake.

Chachisanu ndi chinayi: akalakwitsa

Adzalakwitsa ndithu, ndipo zimene mudzachite tsiku limenelo ndi zimene zidzaonetse ngati munaperekadi udindo. Ndili wamng'ono pantchito, pamalo ena amene sindiwatchula, ndinaitanitsa katundu wochuluka kuposa amene tinkafuna chifukwa chosawerenga bwino zotsala m'nyumba yosungira. Bwana wanga anandikalipira pakhonde anthu onse akumva, n'kulanda buku la maoda tsiku lomwelo, ndipo kwa zaka ziwiri zotsatira sindinayerekezenso kuweruza kanthu popanda kufunsa. Katundu uja anatha m'miyezi yochepa, koma mantha aja anakhalitsa.

Kwa akuluakulu anu ndi kwa makasitomala, cholakwacho chisenzeni inu, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ndinu amene munamusankha. Kenaka muitanireni muofesi, mutseke pakamwa panu kaye, ndipo afotokoze yekha chimene chinachitika, pamene anaphonya ndi mmene akonzere. Kukonzako achite yekha, ngakhale kutakhala kukapepesa kwa wogulitsa kapena kulembanso lipoti usiku. Musamulande ntchitoyo pokhapokha ngati wabwereza cholakwa chomwecho kangapo atalangizidwa. Koma siyanitsani kulakwitsa ndi kusakhulupirika: wophonya powerengera aphunzitsidwe, koma wonama, wobisa malisiti kapena wogwiritsa ntchito udindo pofuna chibwenzi kwa amene ali pansi pake ayenera kuyankha mlandu motsatira ndondomeko, ndipo kumulekerera chifukwa munamukonda ndi kuwononga ena onse amene akuonerera.

Chakhumi: maphunziro abwere pambuyo pa ntchito

Maphunziro a m'kalasi amapindula kwambiri munthu amene wayamba kale kukumana ndi mavuto enieni, chifukwa amapita ali ndi mafunso ake. A m'boma ali ndi Malawi School of Government, imene inaphatikiza sukulu ya ku Mpemba ndi ya ku Kanengo. A ntchito zamanja afunse ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kumene olemba ntchito amapereka kale msonkho wa maphunziro. Chimene muyenera kukana ndi chizolowezi chosandutsa maphunziro kukhala njira yogawirana alawansi, moti amapita ndi amene "nthawi yake yakwana" osati amene akufunika luso. Wobwera kumaphunziro afotokozere anzake zimene waphunzira sabata yomweyo, ndipo asankhe chinthu chimodzi choti asinthe pantchito mwezi usanathe.

Ena amafunsa kuti, nanga ndikamuphunzitsa n'kuchoka? Ena adzachokadi, chifukwa Blantyre ili pafupi ndipo malipiro a kumeneko nthawi zina amaposa a kuno. N'chifukwa chake munasankha awiri kapena atatu, ndipo aliyense wa iwo muzimufunsa kuti nayenso akulera yani pansi pake.

Pomaliza: pitani kutchuthi

Pakatha chaka, yesani ntchito yanu pochoka. Tengani tchuthi cha sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo lembani kalata yonena kuti wakutiwakuti agwirizira udindo wanu kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, makope apite kwa akuluakulu anu ndi kwa antchito onse. Ngati malamulo a pamalo panu amapereka alawansi kwa wogwirizira, onetsetsani kuti walandira. Musiyireni makiyi, chidindo, mafayilo amene ali pakati ndi manambala a anthu ofunika, ndipo mugwirizane nkhani ziwiri kapena zitatu zokha zimene angakuimbireni foni, monga ngozi, imfa kapena kusowa kwa ndalama. Pa gulu la WhatsApp la kuntchito khalani chete. Musadutse paofesi ponamizira kuti munali pa ulendo wa kumsika, pakuti mukangoonekera pageti anthu onse adzasiya wogwirizira n'kuthamangira kwa inu.

Mukabwerera, musayambe ndi kufufuza zolakwa. Tsiku loyamba khalani naye pansi, ndipo akufotokozereni zimene anaweruza ndi zifukwa zake. Zimene anaweruza mosiyana ndi maganizo anu koma sizikuphwanya lamulo zisiyeni momwemo, musazisinthe. Tsiku lachiwiri lankhulani ndi dalaivala, mlonda ndi kalaliki amene wakhala zaka zambiri pantchito, muwafunse mmene ofesi inayendera. Kenaka tulutsani kope lija la mwezi woyamba, muone mndandanda wa nkhani zimene zinkadikira inu nokha, ndipo muchonge zonse zimene zachitika bwino inu kulibe. Zimene mwachongazo musazitengenso. Zilembeni pa pepala la malire ake, m'gulu la zimene angaweruze yekha, ndipo nonse awiri musainire pansi pake.